Mfulu ndi kapolo pa mkangano wa Erasmus ndi Luther

Erasmus atalemba De libero arbitrio mu 1524, Luther anamuyankha mu 1525 ndi De servo arbitrio. Mitu yokhayo ionetsa pogona nkhani: kodi kufuna kwa munthu ndi mfulu kapena kapolo? Erasmus ayerekeza munthu ndi mwana wophunzira kuyenda, amene atate ake amcirikiza kuti afikire cipatso. Mphamvu ndi ya atatewo, koma mwana aponyako phazi. Kwa Luther kufuna kuli ngati nyama yokwerapo, woikwera ndiye Mulungu kapena Satana. Fanizoli ndi lakuthwa, komatu nyama yosasankha woikwera iweruzidwa bwanji? Apa mpamene tiona kuti Luther afooka, pakuti athawira ku cifuniro cobisika ca Mulungu, naletsa nzeru za munthu kucifufuza. Erasmus sanakhutire, anayankhanso mu 1526 ndi Hyperaspistes.