Luso la Kumana Maso m'Kanema wa Wong Kar-wai

Mwa akanema onse achikondi amene ndinaonapo, palibe wopambana In the Mood for Love, amene Wong Kar-wai anatulutsa m'chaka cha 2000, pa luso la kumana woonerera chimene maso ake akuchilakalaka. Nkhani yake njochepa: ku Hong Kong, m'chaka cha 1962, Bambo Chow, mtolankhani, ndi Mayi Chan, mlembi pakampani ya zombo, alowa tsiku limodzi m'zipinda zalendi zoyandikana, nazindikira pang'onopang'ono kuti mkazi wa uyu ndi mwamuna wa uyo ali pachibwenzi.

Achigololo awiriwo sitiona nkhope zawo ngakhale kamodzi. Tingoona nkhongo, tingomva mawu kuseri kwa chitseko, kotero kuti mkwiyo wathu usowa potera, ndipo titsala ndi olakwiridwa okhawo. Ngakhale tchimolo liululika popanda misozi kapena kukuwa, pakuti olakwiridwa awiriwo, atakhala m'nyumba yodyera, afunsana mwaulemu za chikwama cha mayiyo ndi tayi ya bamboyo, mphatso zogulidwa kunja, napeza kuti yense anaona kale chofanana nacho kwa mnzake wa m'banja.

Pamene pandigwira mtima koposa ndi apa: Mayi Chan afunsa mwamuna amene watipatsa msana ngati ali ndi mkazi wam'seri, mwamunayo akana, kenaka avomera, ndipo ife, tikuyesa kuti tsiku la mlandu lafika, tingoona kamera yatembenuka, kuti ndi Bambo Chow, akuyeseza chabe. Kuyambira pamenepo sitidziwanso pamene sewero lithera ndi pamene chikondi chiyambira, ndipo ndiganiza kuti iwo eni sadziwanso, poti mtima wa mnzako ndi tsidya lina.

Ojambula, Christopher Doyle ndi Mark Lee Ping-bin, aimika kamera kuseri kwa mafelemu ndi makatani, nasandutsa ife anansi amiseche amene awiriwo awaopa. Masiku sawerengedwa pakhoma: tidziwa kuti kwacha lina poona kuti Maggie Cheung, wosewera Mayi Chan, wavala diresi ina. Nyimbo ya Shigeru Umebayashi ibwera mobwerezabwereza awiriwo akamapambanitsana pamakwerero opapatiza.

Chimene chindivuta ndi zithunzi zakale za de Gaulle, pulezidenti wa France nthawi imeneyo, akufika ku Cambodia m'chaka cha 1966, zimene zilowerera nkhani isanazipemphe. Koma Tony Leung, wosewera Bambo Chow, amene analandira mphoto ku Cannes chifukwa cha sewero limeneli, anaiyenera, pakuti anasenza kanema yense ndi nkhope yosalankhula zambiri.