ZIKWAPU ZITATU ZA BALAMU

Ambiri a ife kuno ku Matandani ndi m'madera ena a boma la Neno hatchi timangoiona pachithunzi. Komabe nkhani imene yautsa mapiri pachigwa kumaiko akutali, ya kukwapula mahatchi pa mipikisano, ikutikhudza ndithu, pakuti chikwapu tili nacho ngakhale hatchi tilibe.

Kumaikoko kuli masewera amene munthu amakwera hatchi nailumphitsa mipanda ya mitengo yoimikidwa m'bwalo. Wopambana ndiye amene wamaliza msanga osagwetsa mtengo. Bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse, la FEI, limene likulu lake lili ku Lausanne m'dziko la Switzerland, lidakonza malamulo a chikwapu. M'malamulo ake a chaka cha 2024 muli mfundo izi: chikwapu chisatalike kuposa masentimita 75, chisakhale chophwetsera mkwiyo, hatchi isamenyedwe kumutu, isakwapulidwe koposa katatu motsatizana, ndipo khungu likang'ambika, wokwerayo walakwa basi.

Oikira kumbuyo chikwapu amati icho nchongokumbutsira nyama ntchito yake, ndipo hatchi yozengereza patsogolo pa mpanda ingathe kugwa ndi kuvulaza mwini wake. Amatinso khungu la hatchi nlochindikala. Koma m'chaka cha 2020 akatswiri a ku Australia, atayerekeza khungu la hatchi ndi la munthu, adapeza kuti pamwamba pake, pamene pamamvekera ululu, mitsempha siisiyana kwenikweni. Tsono chimene chingatiwawe ife chimaiwawanso iyo.

Malamulowo tiwayamikire, makamaka poletsa kumenya mwaukali. Koma pa mfundo ya katatu ija tikuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo lotere limawerenga zikwapu, koma silifunsa chifukwa chimene nyama yakanira.

Taonani zimene zidachitika pa masewera a Olimpiki ku Tokyo pa 6 Ogasiti 2021, pa mpikisano wa magawo asanu woyendetsedwa ndi bungwe lina. Kumeneko mahatchi ankagawidwa mwa maere, ndipo wokwera ankapatsidwa mphindi 20 zokha kuti azolowerane ndi nyama yachilendo. Annika Schleu wa ku Germany, amene anali patsogolo pa anzake onse, adalandira hatchi yotchedwa Saint Boy, imene inali itakana kale kulumpha ndi wokwera wina tsiku lomwelo. Hatchiyo idachita mantha niyamba kubwerera m'mbuyo. Mtsikanayo, misozi ili chuchuchu, adaikwapula mobwerezabwereza dziko lonse likuona. Mphunzitsi wake adaimenya ndi chibakera, ndipo adachotsedwa pa masewerawo. Chisadathe chaka, bungwelo lidagamula kuti masewera a ku Paris a 2024 akhale otsiriza kukhala ndi mahatchi pa mpikisano umenewu. Kodi akadalekeza pachitatu, mantha a hatchiyo akadatha? Vuto silinali kuchuluka kwa zikwapu, koma kuti nyama idanena kuti "sinditha" popanda woimvera.

Ife Akhristu nkhani yotereyi sitikuimva koyamba. M'buku la Numeri, mutu 22, timawerenga za Balamu ndi bulu wake. Buluyo adapatukira kumunda, Balamu nammenya. Adadzipanikiza kukhoma, nammenyanso. Potsiriza adangogona pansi, nammenya kachitatu. Katatu kokha! Woweruza wongowerenga zikwapu akadammasula Balamu. Koma Malembo Oyera akutionetsa kuti bulu ndiye adaona mngelo wa Ambuye ataima panjira ndi lupanga, pamene mbuye wake, munthu wotchuka pa zolosera, anali wakhungu. Kukana kwa bulu ndiko kudapulumutsa moyo wa wommenyayo.

Tibwere kwathu tsopano. Dziko lathu la Neno nlamapiri, ndipo nthawi ya dzinja njira zake zimaterera. Ng'ombe zokoka ngolo zikaima pachitunda, kapena zikagona m'munda khasu lili m'mbuyo, dzanja limathamangira kuchikwapu. Ndani amayamba watsika kukaona ngati matumba a mbatata achulukitsa, ngati goli latupitsa khosi, ngati chiboda chalasidwa ndi mwala, ngati nyamazo zamwa madzi chiyambire m'mawa? Ng'ombe sidziwa mwano. Ikakana, kawirikawiri pali chimene yaona kapena yamva m'thupi mwake chimene ife sitinachione. Ndipo tikaipundula ndi ndodo tadzipundula tokha, popeza ng'ombe yomweyo ndiyo imatilimira, kutitutira zokolola ndi kulipirira ana sukulu.

Dziko la Malawi lili nalo lamulo loteteza nyama ku nkhanza, koma wapolisi sangayende pambuyo pa ngolo iliyonse. Wotsala ndi mtima wa munthu. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa ndime 2415 mpaka 2418, amalola kuti nyama zitithandize pa ntchito ndi pa chakudya, koma amaphunzitsa kuti kuzizunza popanda chifukwa kumanyozetsa ulemu wa munthu mwini wakeyo. Papa Francis naye, m'kalata yake ya Laudato si' ya chaka cha 2015, adachenjeza kuti nkhanza zimene tichitira zolengedwa zina sizichedwa kuonekera pa m'mene tikhalira ndi anthu anzathu.

Mau amenewa sayenera kutidabwitsa ife Amalawi. Makolo athu adachidziwa chikoti cha chikopa cha mvuu m'masiku a thangata, ndipo ochigwirawo ankanena zomwezi: kuti wantchito samva popanda kukwapulidwa. Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994 adaletsa kuti bwalo la milandu lilange munthu ndi chikwapu. Nanga bwanji maganizo amene tidawakana pamsana pathu tiwasunge pamsana pa nyama?

Tikumbukirenso kuti oyendetsa ngolo ndi oweta ziweto nthawi zambiri ndi anyamata athu aang'ono. M'mera mpoyamba. Mnyamata wophunzira kuti chokana chilichonse chimachizidwa ndi ndodo adzalowa nalo phunzirolo m'banja, ndipo mkazi wake ndi ana ake ndiwo adzalipira.

Sitikuti mlimi ataye kamtengo kolozera njira. Ng'ombe yophunzitsidwa moleza mtima imamva dzina lake, likhweru ndi kukhudza pang'ono chabe. Tikuti dzanja lisanakwere, mapazi ayambe atsika: tikaone goli, tichepetse katundu, tiimwetse nyama madzi. Abambo, aphunzitseni ana anu zimenezi m'munda momwemo, ndipo m'miphakati mwathu tikambirane. Mulungu adatiika kukhala osunga zolengedwa zake, ndipo funso limene adzatifunsa si lakuti tidakwapula kangati, koma ngati tidamvera cholengedwa chopanda mau pamene chinkatidandaulira.