Mapu a mwana ndi Chingerezi: kodi sukulu za kuno zikuyesa chiyani?

Anzanga amene muli ndi ana a zaka 5 mpaka 7 m'sukulu za kuno ku England, mwaliona kale pepala limene mwana amabwera nalo atajambulapo njira ya kusukulu, aphunzitsi atalemba ndemanga m'munsi. Ine kayesedwe kameneka sikandikhutiritsa.

Silabasi ya boma imene inayamba mu 2014 imafuna kuti mwana wa Year 1 ndi Year 2 adziwe makontinenti 7 ndi nyanja zikuluzikulu zamchere 5, athe kujambula mapu osavuta okhala ndi zizindikiro zake, komanso azigwiritsa ntchito mawu ngati beach, cliff, valley, port ndi harbour. Zimenezi si zoipa ayi. Vuto n'lakuti kudziwa malo ndi kudziwa Chingerezi zaponyedwa m'dengu limodzi. Ku wodi, wodwala akalephera kundiuza pamene pakumuwawa chifukwa cha chilankhulo, sindilemba kuti alibe ululu. Ndimaitana womasulira.

Taganizani za mwana amene wangofika kuchokera ku Nkhotakota. Kwa iye port ndi harbour zonse ndi doko, lake ndi sea zonse ndi nyanja. Akasokoneza, amalembedwa kuti sanafikepo. Komatu mwana yemweyo amadziwa kumtunda, kumunsi, kutsidya, pachulu ndi kudambo. Dambo limeneli Chingerezi chinasowa mawu ake, mpaka akatswiri a za nthaka anangolibwereka momwemo. Kumpoto ndi kum'mwera amakudziwira ku mphepo, mpoto ndi mwera, zimene asodzi amayamba aziona asanakankhe bwato. Pa pepala lija palibe kabokosi kolembamo zonsezi.

Chimene makolo ambiri sitikudziwa n'chakuti pakutha pa Reception, pamene mwana amapatsidwa emerging kapena expected, malamulo amalola kumuyesa m'chilankhulo cha kunyumba pa zonse kupatula zolankhula, kuwerenga ndi kulemba Chingerezi. Za mapu ndi malo zili m'gulu lololedwalo. Koma ndani pasukulupo amamva Chichewa? Mwayiwo umathera m'buku.

Nkhani ina ndi pensulo. Mwana wa zaka 5 dzanja lake silinakhwime, ndiye mukamuuza kuti ajambule, mukuyesa zala osati mutu. Kale m'zaka za m'ma 1970, James Blaut ndi David Stea anaonetsa kuti ana aang'ono chonchi amatha kuzindikira misewu ndi nyumba pa chithunzi chojambulidwa m'ndege popanda wowaphunzitsa. Mupatseni mchenga, timiyala ndi zitsekerero za mabotolo, muone ngati sakuikirani chigayo, mjigo ndi nyumba ya agogo pamalo pake. A Ofsted nawonso, mu lipoti lawo la 2023, anadandaula kuti maphunziro otuluka panja kukaona malo eniyeni ndi ofooka m'sukulu zambiri.

Ifenso makolo sitikuthandiza. Timatuluka ku naiti titatopa, mwana timamuponya kumbuyo kwa galimoto, njira akutiuza ndi Google. Adziwa bwanji kuti mlatho uli kuseri kwa tchalitchi?

Tsiku lokumana ndi aphunzitsi likafika, afunseni kuti anamuyesa bwanji mwanayo, ndi pepala lokha kapena anatuluka naye panja. Kenako apempheni kuti mwana afotokoze mapu akewo inu muli pomwepo, m'Chichewa, inu muzimasulira. Mphindi 5 zokha zikwana.