Zimbale za Teddy Pendergrass: Ufa Woyera ndi Gaga

Cimbale ndi mbale yakuda, yopyapyala, yosungamo nyimbo. Ena amati disiku. Masiku ano nyimbo timazimvera pa wailesi ndi pa foni, koma dzina la cimbale likadalipo. Limatanthauza mtolo wa nyimbo 7, 8 kapena 10 zimene woimba watulutsa pamodzi.

Zimbale za woimba mmodzi sizikoma mofanana. Zili ngati zokolola za munda umodzi. Caka cina nkhokwe imadzaza, caka cina imalekeza pakati. Mlimi wanzeru amafunsa cifukwa cake. Ifenso tifunse cimodzimodzi pa zimbale za Teddy Pendergrass, woimba wakuda wa ku America. Zabwino koposa ndi ziti? Zofooka ndi ziti? Cinazisiyanitsa nciani?

Teddy anali yani?

Teddy Pendergrass anabadwa pa 26 Malici 1950. Anakulira mumzinda wa Philadelphia, ndipo analeredwa ndi amai ake okha. Anayamba kuimba m'chalichi ali mwana. Atasinkhuka anaphunzira kuliza ng'oma. Mu 1970 analowa m'gulu la Harold Melvin and the Blue Notes monga woliza ng'oma. Sipanapite nthawi, anzake anamva mau ake namuika patsogolo.

Mtundu wa nyimbo zake amati soul. Soul inabadwa pakati pa anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo amene anatengedwa ku Africa. Inatenga kaimbidwe ka m'chalichi, koti mmodzi atsogola ena nkumavomera, ndi kukaika pa nkhani za cikondi ndi mavuto a anthu.

Mau a Teddy anali aakulu, okhuthala, osasa pang'ono. Ankayamba nyimbo monong'ona, kenaka nkukweza, mpaka kufuula ngati mlaliki. Mau amenewa ndiwo anachukitsa gulu lija ndi nyimbo monga "If You Don't Know Me by Now" ya mu 1972 ndi "Wake Up Everybody" ya mu 1975. Koma gulu linali ndi dzina la Harold Melvin, ndipo anthu ambiri ankayesa kuti woimbayo ndiye Harold. Atakangana pa za dzina ndi za ndalama, Teddy anacoka. Mu 1977 anatulutsa cimbale cake coyamba ali payekha.

Muyeso wathu

Wogula cimanga amabwera ndi muyeso. Ifenso poyesa cimbale tikhale ndi mafunso atatu. Loyamba: kodi nyimbo zinapekedwa bwino? Laciwiri: kodi woimba akumva mumtima zimene akuimba, kapena akungoonetsa mphamvu ya pakhosi? Lacitatu: kodi nyimbozo anazikonza kuti zikhale pamodzi, kapena anangozitolera?

Kuculuka kwa ogula si muyeso wokwanira. Zimbale zinai zoyamba za Teddy zinagulidwa zonse ndi anthu opitirira 1,000,000 ciliconse mu America. Koma sizifanana kukoma kwake.

Zaka za nkhokwe yodzaza

Zimbale zoyamba anazitulutsa ku kampani ya Philadelphia International Records. Eni ake, Kenny Gamble ndi Leon Huff, analinso opeka nyimbo odziwa nchito. Ankajambula m'nyumba ya Sigma Sound, momwe munali oliza magitala, ng'oma, malipenga ndi mavayolini, onse anthu amoyo oliza ndi manja ao.

Cimbale ca mu 1977 cili ndi dzina lake lomwe, Teddy Pendergrass. Ndi ca munthu wofuna kusonyeza kuti atha kuima yekha. Nyimbo zovina zili ndi moto. Koma nyimbo yogwira mtima ndi "The Whole Town's Laughing at Me". M'nyimboyi mwamuna wataya mkazi wabwino cifukwa ca kupusa kwake, ndipo mudzi wonse ukumuseka. Teddy akuiimba ndi manyazi, mutu uli pansi. Mwamuna wa mau aakulu akavomera kulakwa, womvera amachera khutu. Cimbale ici ncabwino, ngakhale kuti pena afuula posafunika.

Ca mu 1978, Life Is a Song Worth Singing, ciposa coyamba. Cili ndi nyimbo 7 zokha, ndipo palibe yongodzazira malo. Muli "Close the Door", nyimbo yonyengerera mkazi mofatsa, imene inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za soul ku America. Muli nyimbo zovina. Mulinso "When Somebody Loves You Back", imene ikunena kuti cikondi cimakoma pamene onse awiri apereka mofanana. Cimbale cimeneci cili ngati cakudya cokwanira: nsima, ndiwo ndi mcere, ciliconse pa muyeso wake.

Ca mu 1979, Teddy, cinakwera pamwamba pa mindandanda kuposa zinzake. Pa nthawiyo Teddy anali atayamba kucita masewero a nyimbo oitanira akazi okha, ndipo kampani inaona kumene ndalama zikucokera. Motero inabwereza njira ya "Close the Door". "Come Go with Me" ndi yokoma, pakuti mkazi akuyankhamo, akukaika, ndipo mwamuna akudikira. Koma mu "Turn Off the Lights" kunyengerera kwasanduka kulamula. Mwamuna akufuula, mkazi alibe mau. Mbali yaciwiri ya cimbale ili ndi nyimbo zovina zimene munthu amaziiwala msanga. Ndi cimbale cochuka, koma si cabwino koposa.

Cabwino koposa

Cabwino koposa ndi ca mu 1980, dzina lake TP, malembo oyamba a maina ake. Pa cimbale ici Gamble ndi Huff sanapeke nyimbo. Zinacokera kwa anthu osiyanasiyana: Nickolas Ashford ndi mkazi wake Valerie Simpson, Cecil Womack ndi Linda Womack, Peabo Bryson ndi ena. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Apa mitu yambiri inasenza, ndipo denga linakhala bwino.

Cinthu coyamba cimene timamva ndi kudziletsa. Teddy ali ndi mphamvu zake zonse, koma sakuzitaya. Mu "Love T.K.O." mwamuna akuyerekeza cikondi ndi masewera a nkhonya, momwe woweruza amaletsa nkhondo poona kuti wina wagonja. Iye ndiye wagonjayo. Gitala lalikulu likuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wotopa, ndipo Teddy akuimba motsitsa kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Akanafuula, nyimboyi ikanafa.

Mu "Can't We Try" mwamuna akupempha mkazi kuti ayesenso kukonza banja. Akukweza mau kamodzi kokha, pamene pempho lafika pa cimake, ndipo kufuula kumeneko kuli ndi cifukwa. M'nyimbo ziwiri akuimba ndi mkazi, Stephanie Mills. Mu "Feel the Fire" awiriwa akulandizana mau ngati anthu osinja pa mtondo umodzi. Wina akakweza munsi, mnzake watsitsa. Palibe wopondereza mnzake.

Pa mafunso athu atatu, TP ciyankha bwino onse. Nyimbo nzopekedwa bwino, woimba akuzimva, ndipo zonse zikukamba nkhani imodzi: cikondi ca anthu akuluakulu, cokhala ndi mabala ake.

Ca mu 1981, It's Time for Love, ncofatsa ndi cosalala, koma cilibe cacilendo. Tingaciike pakati.

Ngozi ya mu 1982

Cakudza siciimba ng'oma. Pa 18 Malici 1982, galimoto imene Teddy ankayendetsa inagunda mitengo pa mseu wa Lincoln Drive mu Philadelphia. Anavulala fupa la msana ca kukhosi. Anapuwala kuyambira pacifuwa kutsika, ndipo sanayendenso moyo wake wonse. Anali ndi zaka 31.

Kuimba sikucokera pakhosi pokha. Minofu ya pacifuwa ndi ya pamimba ndiyo imakankha mpweya kuti mau atuluke ndi mphamvu. Minofu imeneyo itafooka, kufuula kuja kunatha.

Zofooka koposa

Wina angaganize kuti zimbale zofooka ndi zimene anaimba atapuwala. Iai. Zofooka koposa ndi ziwiri zimene zili ndi mau ake akale, amphamvu: This One's for You ca mu 1982 ndi Heaven Only Knows ca mu 1983.

Teddy ali pa mphasa ya matenda, kampani inatenga nyimbo zimene anajambula kale koma sizinatulutsidwe, nkupanga zimbale ziwirizi. Zitatuluka, pangano la Teddy ndi kampaniyo linatha.

Mai akasinja cimanga amapeta, ufa woyera uku, gaga uko. Nyimbo izi zinali zotsala popeta. Mau ali bwino, oliza ali bwino, ndipo nyimbo imodzi kapena ziwiri zimveka. Koma zambiri nzosalimba, ndipo sizidziwana. Ina ikuloza uku, ina ikuloza uko. Wina anganene kuti zimbalezi zinasunga dzina la Teddy m'makutu a anthu pamene iye sankatha kuimba. Mwina nzoona. Gaga amapulumutsa pa njala. Koma sitinganene kuti gaga ndi ufa woyera.

Apa tiphunzirapo kanthu. Mau amphamvu paokha sapanga cimbale cabwino. Pafunika munthu wosankha, wokana nyimbo yofooka, woika zotsalazo m'dongosolo.

Kubwerera

Mu 1984 Teddy anabwerera ndi Love Language, ku kampani ina ya Asylum. Nyimbo zambiri anakonza ndi Michael Masser. Mu "Hold Me" anaimba ndi mtsikana amene anali asanachuke, Whitney Houston. Kubwererako kunali kulimba mtima kwakukulu, ndipo tiyenera kukulemekeza. Koma kulemekeza munthu sikutiletsa kunena zoona za nchito yake. Cimbaleci cili ndi shuga wambiri. Anaunjika zoliza zofewa kuti abise kucepa kwa mau, ndipo Teddy akumveka ngati mlendo m'nyumba ya eni. Nyimbo imene ikumuyenera ndi "You're My Choice Tonight", yokonzedwa ndi Luther Vandross.

Pa 13 Julaye 1985 anaonekeranso pamaso pa khamu kwa nthawi yoyamba cicitikire ngozi. Panali pa Live Aid, msonkhano wa nyimbo wosonkhetsa thandizo la anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia. Anaimba mu Philadelphia momwemo, ali pa njinga ya olumala, pamodzi ndi Ashford ndi Simpson. Caka comweco anatulutsa Workin' It Back, cimene cisonyeza munthu amene akufunafunabe njira.

Njirayo anaipeza mu 1988 ndi cimbale ca Joy, kutanthauza cimwemwe. Nyimbo ya dzina lomwelo anaikonza ndi abale awiri, Reggie ndi Vincent Calloway, ndipo inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa soul. Apa sakubisanso kucepa kwa mau, ndipo sakuyesa kukhala Teddy wa mu 1978. Akuimba mopepuka, mwacisangalalo, kusiya mipata pakati pa mau. Zoliza zambiri nza makina, monga zinalili nyimbo za zaka zimenezo, ndipo sizifunda ngati za ku Sigma Sound. Komabe Joy ndico cabwino koposa pa zimbale za pambuyo pa ngozi. Ciposa kutali ziwiri za zotsala zija, ngakhale kuti mau ake ndi ocepa.

Truly Blessed ca mu 1991 cinampatsanso nambala 1 ndi nyimbo ya "It Should've Been You". Za mu 1993 ndi 1997 zili ndi nyimbo zabwino apa ndi apo, koma zikutsata kaimbidwe ka anyamata a nthawiyo m'malo motsogola.

Mu 1998 anayambitsa bungwe la Teddy Pendergrass Alliance lothandiza anthu ovulala msana. Anamwalira pa 13 Januwale 2010 ali ndi zaka 59.

Tiike m'dongosolo

Patsogolo pali TP ca mu 1980. Cotsatira ndi Life Is a Song Worth Singing ca mu 1978, kenaka coyamba cija ca mu 1977, ndi Joy ca mu 1988. Pakati pali Teddy, It's Time for Love ndi Truly Blessed. Kumbuyo kuli Love Language, ndipo kumbuyo kwenikweni kuli This One's for You ndi Heaven Only Knows.

Wofuna kumudziwa woimba uyu ayambe ndi TP, kenaka amvere Joy. M'coyamba adzamva munthu wa mphamvu zambiri wodziwa kuzisunga. M'caciwiri adzamva munthu wa mphamvu zocepa wodziwa kuzigwiritsa nchito. Luso ndi lomwelo.

Mafunso okambirana

1. Chulani mafunso atatu oyesera cimbale.
2. Ncifukwa ciani zimbale za mu 1982 ndi 1983 zili zofooka, pamene mau a woimba anali amphamvu?
3. Kodi nkoyenera kunena zofooka za nchito ya munthu amene wagwa m'tsoka? Fotokozani maganizo anu.
4. Ganizani za woimba wa kwanu. Nyimbo yake yabwino koposa ndi iti, ndipo yofooka ndi iti? Perekani zifukwa.