Kulemba za Azungu, Osalembera Azungu

Mu Ogasiti 1970, kanyuzipepala ka bungwe la ophunzira akuda a m'mayunivesite a ku South Africa, SASO Newsletter, kanatulutsa nkhani ya masamba ochepa ya mutu wakuti "Black Souls in White Skins?". Wolemba anasaina kuti Frank Talk. Mwini cholembera anali Steve Biko, mnyamata wa zaka 23 amene ankaphunzira udokotala ku Durban, m'gawo la University of Natal limene linapatulidwira anthu osakhala azungu. Anali atangotula pansi upulezidenti wa SASO, kusiyira Barney Pityana, n'kupatsidwa ntchito yoyang'anira zofalitsa za bungwelo. Masiku ano Biko amakumbukiridwa kwambiri chifukwa cha imfa yake m'manja mwa apolisi pa 12 Sepitembala 1977, ndipo ndi ochepa amene amamuwerenga ngati mlembi. Komatu gawo lalikulu la buku la I Write What I Like ndi zolemba za mwana wasukulu, zimene zinkalembedwa mwaphuma kuti zipeze malo m'kope lotsatira.

Luso lake lalikulu lagona pa chinthu chimene aphunzitsi a chimangirizo sachedwapo kawirikawiri: kusankha woti umulankhule. Kusukulu amatiuza za chiyambi, thunthu ndi mathero, ndipo wowerenga amakhala wodziwika kale, ndiye wochonga mayeso. Kunja kuno wowerenga umachita kusankha wekha, ndipo ukasankha, ziganizo zonse zimatsatira.

Kwa zaka zambiri munthu wakuda wa ku South Africa akatenga cholembera kuti alembe za tsankho m'Chingerezi, nkhope imene ankaiona patsogolo pake inali ya mzungu. Sol Plaatje anatulutsa Native Life in South Africa mu 1916 ali ku London, pofuna kuti anthu a ku Britain amve ululu umene lamulo la malo la 1913 linabweretsa. Ndi buku lamphamvu, koma ndi dandaulo, ndipo wodandaula amayenera kubweretsa umboni, kudekha, ndi kusamala kuti asakwiyitse amene akumupempha. Kumbali ya azungu, Alan Paton analemba Cry, the Beloved Country, yomwe inatuluka mu 1948, chaka chomwe chipani cha National Party chinalowa m'boma. Bukuli limagogoda pa chikumbumtima cha mzungu, ndipo m'busa wake wakuda, Stephen Kumalo, ndi munthu wofatsa amene wowerenga sangamuope.

Frank Talk anangotembenuza mpando. M'nkhani zake azungu ndi "iwo", owerenga ndi "ife". Ndiye taonani zimene zikusowa m'nkhani ya mu Ogasitiyo: mulibe ndime yotsimikizira kuti tsankho ndi loipa, mulibe ziwerengero za malipiro kapena za anthu omangidwa chifukwa cha mapasi. Wophunzira wa ku Turfloop, Ngoye kapena Fort Hare sankafunika kuuzidwa zimenezo, anali atazimva m'thupi. Malo onse amene mlembi wina akadawathera pa umboni, Biko anawagwiritsa ntchito pa funso limodzi lovuta, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyo ndi yaifupi koma yolemera.

Funsolo silinali lokhudza nduna yaikulu ya dzikolo, John Vorster, kapena apolisi ake. Linali lokhudza mnzake: mzungu wodana ndi tsankho, wa m'bungwe la ophunzira la NUSAS, wa kutchalitchi, amene ankaitana akuda kunyumba kwake. Biko ankawadziwa bwino anthuwa chifukwa anayambira mu NUSAS momwemo. Mu 1967, pa msonkhano wa bungwelo ku Rhodes University ku Grahamstown, nthumwi zachizungu zinagona pa yunivesite pomwepo pamene zakuda zinakagonekedwa kwina. Biko anapempha kuti msonkhano uyambe waima, koma ambiri anasankha kungodzudzula akuluakulu a yunivesite n'kupitiriza zokambirana. SASO inakhazikitsidwa mwalamulo mu Julayi 1969 ku Turfloop. Kulemba modzudzula mdani ndi ntchito yopepuka, pakuti owerenga onse amagwedeza mutu usanamalize chiganizo. Kulemba modzudzula bwenzi lako lokhalo, pamene adani akumvetsera, kumafuna dzanja losanjenjemera.

Amayamba ndi kuonetsa, kutsutsa kumabwera pambuyo. Amatilowetsa m'chipinda chochezera cha kumayadi, pa phwando la tiyi. Ophunzira akuda angapo "ozindikira" aitanidwa, funso lake ndi lomwe lija lakuti dziko lingasinthe bwanji, mzungu akulankhula, wakuda akumvetsera. Pokutha pa tiyi mwini nyumba amabwerera ku hotela, ku gombe ndi ku kanema wa azungu okhaokha, mtima utapepukako. Mlendo uja naye amachoka akudziona wapamwamba kuposa anzake a kulokeshoni. Chithunzichi chimaluma mbali zonse ziwiri, ndipo mbali yachiwiriyo ndi imene imachiteteza kuti chisakhale chitonzo chabe. Wowerenga wakuda amene anayamba akuseka mzungu amadzidzimuka atadziona yekha ali pampando, kapu ili m'manja.

Kenako amayesa mnzakeyo ndi pempho. Muuzeni asiye kugwiritsa ntchito malo opatulidwira azungu, asiye yunivesite, akagwire ntchito yonyozeka ngati wakuda aliyense. Yankho limakhala lakuti zimenezo n'zosatheka. Apa mlembi wongoyamba kumene akadakuwa kuti wamugwira wachinyengo. Biko amavomera kuti mwina n'zosathekadi, ndipo kuvomerako ndiye msampha: ngati sungathe kuvula mwayi umene khungu lako linakupatsa, usanene kuti ululu wathu ndi umodzi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mfundo yonse ya SASO ili pamenepo, ndipo wafikapo podzera m'mawu a wotsutsana naye.

Amadziwanso mwala umene aponyeredwe, kuti akuda akadzipatula ndiye kuti nawonso ayamba tsankho, choncho amautola yekha usanaponyedwe. Amatanthauzira tsankho ngati kusala kumene cholinga chake ndi kupondereza, kotero kuti wopanda mphamvu zopondereza sangaimbidwe mlandu womwewo. Amawonjezera chitsanzo cha anthu ogwira ntchito: akapanga bungwe lawo palibe amene amadabwa kuti bwana sanaitanidwe. Munthu akhoza kukana tanthauzolo, ndipo ambiri amalikana mpaka lero, koma sanganene kuti mlembiyu anazemba.

M'kope lotsatira, m'nkhani ya "We Blacks", mpeni womwewo anaulozetsa kwa owerenga ake. Muli munthu wakuda amene nkhope yake imakwinyika ndi mkwiyo akakhala yekha m'chimbudzi, koma imawala ndi ulemu akangomva bwana akuitana. M'basi yobwerera kunyumba amatukwana nawo azungu, pamaso pa wapolisi amayamba ndiye kuyamikira boma. Mawu ngati "kuponderezedwa m'maganizo" akhoza kudutsa m'khutu osasiya kanthu, pamene chimbudzi ndi basi zimakanirira. Ndimaona kuti nkhani yachiwiriyi ndi imene inapatsa yoyamba ija chilolezo: amene wadzudzula abale ake motere sangatchedwe wongofuna kukondweretsa gulu.

Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo izi sizinangochitika. Mu Meyi 1976 Biko anaitanidwa kukachitira umboni pa mlandu wa atsogoleri a SASO ndi a bungwe lina la akuda la BPC ku Pretoria, ndipo kumeneko anafotokozera woweruza Boshoff momwe chilankhulo chinkagwetsera ulesi ophunzira akuda m'misonkhano. Mzungu amalankhula chilankhulo cha amayi ake, mawu akungotuluka okha, pamene iwe ukusakasaka mawu m'chilankhulo chachiwiri, ndipo posakhalitsa umayamba kukhulupirira kuti wolankhula bwinoyo ndiye wanzeru. Aliyense amene anakhalapo chete m'kalasi yankho ali nalo akudziwa zimenezi. Ophunzira ambiri amathawira ku mawu akuluakulu kuti aoneke ofanana ndi enawo. Biko anapita kwina: ziganizo zake zimamveka ngati munthu akulankhula pa msonkhano wa kugonera, funso kenako yankho, chitsanzo kenako chigamulo. Anawerenga Frantz Fanon ndi Aimé Césaire, ndipo mutu wa nkhani ya mu Ogasiti ndi wa buku la Fanon la 1952 wotembenuzidwa, koma mabukuwo sawaunjika patsogolo kuti timuope. Pa mlandu womwewo ndi pamene anaulula kuti Frank Talk anali iyeyo, boma likuganizira Strini Moodley, mmodzi wa oimbidwa mlanduwo.

M'chaka chija cha 1970, chimene Vorster anadzacheza kuno kwa Dr. Banda, ophunzira a ku Chancellor College, akuphatikizapo Jack Mapanje, anayambitsa Writers Group pamodzi ndi aphunzitsi ena achizungu. Iwo anakulitsa luso losiyana kotheratu, lobisa tanthauzo m'nthano ndi m'mafanizo kuti a Censorship Board adutse osaona. Biko anabisa dzina, tanthauzo analisiya poyera. Sikuti wina anali wolimba mtima kuposa mnzake. Mlenje wa aliyense anali wosiyana, ndipo boma la Pretoria poyamba linkaganiza kuti akuda odzipatula akulithandiza pa ndondomeko yake yolekanitsa mitundu. Litazindikira, mu 1973 linamutsekera ku King William's Town, n'kumuletsa kulemba zofalitsa kapena kuti wina abwereze mawu ake.

Zofooka zilipo, ndipo zina zimachokera pa mphamvu yomweyo. Nkhani ya mu Ogasiti ija imatsegula ndi chigamulo chakuti azungu onse a m'dzikolo ali m'gulu limodzi lodya nawo phindu la tsankho. Monga poyambira mtsutso, chiganizocho chimagwira ntchito yake, chimadzutsa wogona. Koma pamene chinkalembedwa, Bram Fischer, loya wachibunu amene anatsogolera oteteza pa mlandu wa Rivonia, anali m'ndende kuyambira 1966 pa chilango cha moyo wonse, ndipo Helen Joseph anali wotsekeredwa panyumba kuyambira 1962. Anthu ngati amenewa sakwana pa phwando la tiyi lija, ndipo nkhaniyo siwapatsa malo. Chachiwiri, "ife" wa Biko ndi mwamuna. Amalankhula za umuna umene walandidwa, za mwamuna wakuda amene wasanduka chikhungwa, pamene akazi ngati Mamphela Ramphele, amene ankagwira naye ntchito yomweyo, saoneka m'ziganizo. Kusankha wowerenga mmodzi kumanola nkhani, komanso kumatsekera ena kunja.

Chachitatu ndi mathero. Atatsala pang'ono kumaliza, amapereka kwa mzungu wodana ndi tsankho ntchito yomveka bwino: abwerere kwa azungu anzake akawaphunzitse, amenyere ufulu wake womwe osati kukhala mtetezi wa ufulu wa ena, aleke kuyang'anira akuda ngati ana amasiye. Ndime imeneyi ndi yowongoka. Koma potseka penipeni amamuyerekeza ndi oyilo wothandiza kuti magiya asakhulane galimoto ikamasintha liwiro. Fanizoli ndi lozizira, ndipo likutsutsana ndi zimene wangonena kumene, pakuti munthu wotumidwa kukakangana ndi abale ake kutchalitchi ndi pa tebulo la chakudya sakufewetsa kanthu, akukayambitsa phokoso. Apa mpamene pamaonekera kuti wolembayo anali ndi zaka 23 ndipo tsamba linkafuna kutsekedwa.

Azungu amene anawerenga nkhanizi, ngakhale sizinalembedwere iwo, anayankha mosiyanasiyana. Ambiri anakhumudwa. Rick Turner, mphunzitsi wa ndale ku University of Natal, anayankha ndi cholembera mu 1972 m'magazini ya Reality, m'nkhani ya "Black Consciousness and White Liberals", ndipo m'malo modziteteza anavomera kuti azungu ali ndi ntchito yofufuza maganizo awoawo. Ophunzira ena a NUSAS anasiya maphwando n'kuyamba kufufuza malipiro a anthu akuda m'mafakitale a azungu anzawo, kudzera m'makomiti amene anayamba mu 1971, zaka ziwiri sitiraka yaikulu ya ku Durban isanachitike. Turner anawomberedwa kunyumba kwake mu Januwale 1978. Donald Woods, mkonzi wa Daily Dispatch ku East London, anayamba ndi kudzudzula gulu la Biko kuti ndi latsankho, mpaka Ramphele anamulondola ku ofesi n'kumuuza kuti akakumane naye mwini wake. Anakhala mabwenzi, ndipo Biko ataphedwa, Woods anathawira kunja kudzera ku Lesotho n'kufalitsa nkhaniyo pa dziko lonse.

Kuti tiwerenge Frank Talk lero ndi chifukwa cha mzungu winanso, wansembe wa Anglican Aelred Stubbs, amene anasonkhanitsa zolembazo n'kuzitulutsa mu 1978. Ntchito yake yaukonzi ndi yoyenera kuiyang'anitsitsa. Pamwamba pa nkhani iliyonse anaika mawu ochepa onena nthawi ndi malo, kenako n'kuchoka. Zokumbukira zake za Biko, zomwe ndi zazitali ndithu, anaziika kumapeto kwa buku, kotero kuti wowerenga amafika kwa Stubbs atamva kale mwini nkhani. Filimu ya Richard Attenborough ya 1987, Cry Freedom, imene inajambulidwa ku Zimbabwe kuchokera m'mabuku a Woods, inasanja zinthu mosiyana. Biko wa Denzel Washington amamwalira filimu ili chapakati, ndipo nthawi yotsalayo timaithera tikudera nkhawa ngati Woods wa Kevin Kline, atavala ngati wansembe, awoloke malire, ndiponso ngati mkazi wake ndi ana ake amupeze. Opanga filimuyo anali odana ndi tsankho moona mtima, ndipo inafikitsa dzina la Biko kwa anthu ambirimbiri amene sakadatsegula buku lake. Koma wowonera amene anali naye m'maganizo anali mzungu wa ku London ndi New York, choncho mzungu anabwerera pakati pa nkhani akulankhula, wakuda n'kukhala chifukwa cha ulendo wake, monga zinkakhalira pa maphwando amene Frank Talk anawalemba mu 1970.