Nsengwa, Mfumu ya M'chiberekero

Wawa Nsengwa, wawa! Mkango wosabangula. Phiri lomera m'miyezi 9. Namondwe wolemera theka la kilogalamu. Ndinu mapapo a wosabadwa. Ndinu impso zake. Ndinu nkhokwe yake yosagwa chiswe. Ndinu gombe pamene mitsinje iwiri, magazi a mayi ndi magazi a mwana, ipatsana moni koma osasakanizika.

Ubongo ulibe mtsempha wofika pabwalo panu. Mumvera nduna zanu, timadzi tokulitsa maselo, tonong'onezana khomo ndi khomo, ndipo mahomoni atuluka m'linga mwanu ngati ankhondo.

Bwera EGF, nduna ya kudzanja lamanja! Bwera iwe amene Stanley Cohen anakufukula mu 1962 m'zopangira malovu za mbewa. Bwera wotong'ola maso a tiana ta mbewa tsiku lisanakwane, wophukitsa mano usinkhu usanafike, wopachika mphoto ya Nobel pachifuwa cha Cohen mu 1986. Ukagogoda, maselo anu a trophoblast agwetsa makoma awo, ambirimbiri nasanduka mmodzi. Ukagogoda, hCG asefukira. Ukagogoda, hPL adzambatuka.

Uyo hCG, mthenga wa liwiro la nyalugwe! Ndiye amene Aschheim ndi Zondek anapeza mapazi ake mu mkodzo wa amayi apakati ku Berlin mu 1927. Ndiye mzere wachiwiri uja wotulukira pang'onopang'ono pa kachipangizo koyezera, mwiniwake akuyang'ana manja ali njenjenje. Ndiye wolamula thumba la mazira kuti progesterone asaphwe, msambo usabwere, kufikira cha m'sabata ya 10 pamene inu, Chembere, mulanda ng'oma n'kuiomba nokha. Uyo hPL, njovu yodyetsa ana! Agonthetsa thupi la mayi kuti lisamvere insulin msanga, shuga natsala m'magazi, nawolokera kwa mwana. Pofika kumapeto, galamu yathunthu patsiku. Ha, ndani winanso wa mahomoni adapangidwapo chotere?

Bwera TGF-beta, nkhalamba yogwira chingwe cha mkango. EGF akati sefukirani, iwe uti basi pomwepo. Activin akoleza, inhibin azima. IGF-II atuma maselo kukakumba m'khoma la chiberekero, iwe nuwaikira malire.

Bwerani VEGF ndi PlGF, okumba mitsinje, otambasula mitsempha ya magazi ngati nthambi za mlambe. Koma tsoka tsiku limene sFlt-1 achuluka nakumangani manja! Magazi a mayi athamanga, nkhope itupa, mutu uwawa, maso achita chidima, azamba nathamangira magnesium sulphate. Ukali wa mfumu ndi umenewo, ndipo suzizira kufikira mfumuyo itatuluka.

Wawa wotuluka pambuyo! Mwana atsogola ndi kulira, inu mutsata mwaulemu, osafulumira. Mzamba akulandirani ndi manja awiri. Akutembenuzani. Ayang'ana chigawo ndi chigawo, mbali yofiira ndi mbali yonyezimira, pakuti kachidutswa kanu kakatsalira mkati magazi sakata. Mukachoka, progesterone agwa ngati mtengo waukulu. Akagwa, prolactin amasuka. Akamasuka, tsiku lachiwiri kapena lachitatu mabere alemera, atentha, adzaza, mkaka nusefukira ngati Shire m'dzinja, khanda nilimeza mpaka kutsamwa!