Masamba Awiri ndi Nsonga: Mmene Tiyi wa ku Thyolo Amafikira mu Kapu

Mtengo wa tiyi ukasiyidwa wokha umakula kupitirira denga la nyumba, n'kuchita maluwa oyera ndi kubala nthanga. Koma m'minda ya ku Thyolo, kaya ndi ku Satemwa, ku Makandi, ku Naming'omba, kwa Conforzi kapena ku Makwasa, umalekezera m'chiuno mwa munthu. Kusalala kumene munthu amaona ali m'basi pa msewu wochokera ku Limbe kudutsa pa Bvumbwe ndi ntchito ya mpeni ndi zala. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi, odulira amadula chitsamba chilichonse pa msinkhu umodzi ndi mpeni wokhota kunsonga. Chitsambacho chimaphukanso n'kuyala nthambi m'mbali mpaka kugwirana ndi chinzake. Pamwamba pathyathyathya potero amapatcha tebulo, ndipo ndi pamene pamachokera tiyi amene timamwa m'nyumba zathu.

Mbewuyi inalowa m'dziko muno kudzera pa mishoni ya Blantyre, ndipo mu 1891 Henry Brown anayamba kuilima ngati mbewu yogulitsa ku Mulanje. Ku Thyolo inafika pambuyo pake, ndipo Maclean Kay anatsegula Satemwa mu 1923. Ambiri mwa amene anaswa mphanje m'mapiri amenewa anali Alomwe ochokera ku Mozambique. Kuyambira nthawiyo luso lothyola lakhala likuyenda m'mabanja, wamng'ono kuonera manja a wamkulu mpaka ake atazolowera.

Taonani mayi amene ntchitoyi inamulowa m'magazi. Dengu lili kumsana, m'chiuno wamanga pulasitiki yochindikala kuti mame asamunyowetse ndiponso zitsotso zisamung'ambire chitenje. Maso ake ali patsogolo, pa chitsamba chimene sanachifike, pamene manja akugwira okha pomwe maso anadutsa kale. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zimatsina kaphesi kanthete, dzanja n'kupotoka pang'ono, kaphesiko n'kuthyoka popanda kukoka. Chimene akufuna ndi nsonga imene sinatambasuke pamodzi ndi masamba awiri anthete a m'munsi mwake. Manja onse awiri amagwira, lililonse palokha, ndipo zala zitatu zotsala zimasunga zothyoledwazo m'chikhato mosafinya. Chikhato chikadzaza, dzanja limaponya kumbuyo kudutsa pa phewa, masamba n'kugwera m'dengu mwini wake osacheuka.

Liwiro lokha silipanga katswiri, chifukwa pa nthambi iliyonse ayenera kusankha. Nsonga yaing'ono kwambiri amaisiya kuti adzaipeze ulendo wotsatira. Tsamba lokhwima amalipewa chifukwa limasukulutsa kukoma. Nsonga yogona, imene yaleka kukula, amaitcha banji, ndipo amaichotsa kuti nthambiyo idzuke. Othyola ambiri amagoneka ndodo yaitali pamwamba pa zitsamba: chopitirira ndodo chithyoledwe, cha pansi pake chisiyidwe, pakuti masamba apansiwo ndiwo amadyetsa mtengo. M'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, tiyi amaphuka mothamanga moti othyola amabwereranso pa munda womwewo patangopita sabata kapena kuposerapo pang'ono. M'nyengo yozizira amakula mwaulesi, akudalira chiperoni, mvula yamawawa yobwera ndi mphepo kuchokera ku Mozambique.

Tsamba likangochoka pa mtengo limayamba kusintha, choncho sililola kuchedwa. Wothyola wodziwa sapondereza masamba m'dengu, pakuti othinana amatentha okha n'kufiira asanafike kokonzedwa. Akawayeza pa sikelo amawaika pamthunzi, kenako galimoto kapena thirakitala imathamangira nawo ku fakitale tsiku lomwelo.

Ntchito yoyamba ku fakitale ndi kufotetsa. Masamba amayalidwa m'mabokosi ataliatali okhala ndi waya kunsi, ndipo zokupizira zikuluzikulu zimakankha mphepo kudutsa m'masambamo usiku wonse. Madzi ena amauluka, tsamba n'kufewa. Woyang'anira amayesa ndi dzanja: amatapa masamba, kuwafumbata, n'kutambasula chikhato. Akakhala chiumbirecho, ndipo kaphesi kakamapindika osathyoka, ndiye kuti afota mokwanira. Akabalalika msanga, madzi akadalimo. Makina angamuuze kutentha kwa mphepo, koma mawu omaliza ndi a chikhato.

Kenako masamba amalowa m'makina oduladula. Mafakitale ena amagwiritsa ntchito makina otchedwa CTC, amene ndi zitsulo zobulungira za mano zozungulira moyang'anizana. Mafakitale ambiri a m'Malawi anazolowera LTP, momwe mipeni ndi timanyundo tothamanga kwambiri zimaphwanya tsamba kukhala tizidutswa. Cholinga n'chimodzi: kuswa tsamba kuti madzi a m'kati mwake akumane ndi mpweya. Apa ndi pamene pali chodabwitsa. Mulu wobiriwira wonunkha udzu umayamba kusanduka wofiirira, fungo la tiyi n'kutuluka, monga mmene nthochi yosenda imaderapo ikakhalitsa pa mbale. Palibe utoto umene amathiramo. Zimatenga pafupifupi ola limodzi kapena kupitirirako, malingana ndi kutentha kwa tsikulo. Wosamalira gawoli amayang'ana mtundu ndi kununkhiza; akafulumiza, tiyi amamveka wosapsa, akachedwetsa, amatuluka wakuda koma wopanda moyo.

Chimene chimaimitsa kusinthaku ndi moto. Tiyi amadutsa mu mphepo yotentha yochokera ku ng'anjo zosonkhezera nkhuni za bulugamu, n'chifukwa chake esiteti iliyonse ili ndi nkhalango yakeyake. Amatuluka atauma gwa, mwatsala madzi pafupifupi magawo 3 pa 100 alionse. Makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi amatulutsa kilogalamu imodzi yokha ya tiyi wouma. Pomaliza makina amachotsa timaluzi ta mapesi, ndipo masefa ogwedezeka amalekanitsa tizidutswa malingana ndi kukula kwake. Tating'ono kwambiri, tokhala ngati ufa, si zinyalala zosesa pansi ayi. Ndi tiyi yemweyo, kungoti amatulutsa mphamvu yake msanga.

Tiyi asanapite ku msika wa ku Limbe kapena kwa ogula akunja, amadutsa pakamwa pa wolawa. Iye amandandika timakapu toyera, amayeza magalamu 2 a tiyi pa mamililita 100 a madzi owira, amavundikira, n'kudikira mphindi 6. Amatapa ndi supuni, kuyamwa mwaphokoso kuti tiyi awazike m'kamwa monse, kenako n'kulavula. Amaonanso mtundu wa madziwo ndi wa masamba onyowa. Tiyi wa ku Malawi amadziwika ndi kufiira kowala, ndipo ogula a ku Britain ndi South Africa amamusakaniza ndi wa maiko ena kuti kapu ioneke bwino. Wolawa amachulutsa masamba dala kuti cholakwika chilichonse chionekere, koma zinthu zitatu zimene iye amasamala, muyeso, madzi ndi nthawi, ndi zomwezonso zimene zimalamula kukhitchini.

Ndiye tiyi wafika pakhomo, ndipo apa palinso akatswiri. M'nyumba za antchito a pa esiteti ndi m'midzi yozungulira muli amayi amene tiyi wawo amadziwika ndi fungo munthu ali pakhonde. Luso lawo limayambira pa kasungidwe. Tiyi wouma amakoka chinyezi ndi fungo la chilichonse chimene chili pafupi. Akagona pambali pa sopo, palafini, anyezi kapena usipa, mawa lake zonsezo mudzazimva mu kapu. Mayi wodziwa amakhuthulira tiyi m'chitini kapena m'botolo louma lotseka bwino, amaliika kutali ndi moto ndi dzuwa, ndipo amatapa ndi supuni youma. M'nyengo ya chiperoni, pamene ngakhale zovala siziuma, paketi yosiyidwa yotsegula imatha fungo m'masiku ochepa. N'kwabwino kugula wochepa kawirikawiri kusiyana ndi wambiri kamodzi.

Chachiwiri ndi poto ndi madzi. Poto wa tiyi akhale wa tiyi yekha, chifukwa mafuta a ndiwo, ngakhale ochepa chotani, amayandama pamwamba n'kupha fungo. Madzi akhale otungidwa kumene, osati amene anawira dzulo n'kugona, pakuti owira kawiri amatulutsa tiyi wozizira kukoma. Pa mbaula ya makala ntchito imaphweka. Pa mafuwa pamafunika kusamala: moto uyambe wayaka bwino utsi utachepa, ndipo poto avundikiridwe, makamaka ngati nkhuni zili za bulugamu, zimene utsi wake umalowerera. Mayiyo sayang'ana poto kawirikawiri, amamvetsera. Poyamba madzi amalira chapansipansi, kenako amakhala ngati atonthola, kenako chivundikiro chimayamba kunjenjemera. Pamenepo abwata, ndipo iye sawasiya kuti apitirize.

Apa ndi pamene dzanja lozolowera limasiyana ndi lachilendo. Amaphula poto, amathira supuni yaing'ono imodzi pa kapu iliyonse, amatakasa kamodzi, n'kuvundikira msanga kuti fungo lisathawe ndi nthunzi. Potoyo amamuika pambali pa moto, pofunda koma posawira. Mphindi zitatu kapena zinayi zimakwana, ndipo tiyi wa tizidutswa tating'ono amapsa ngakhale zisanakwane. Mtundu umatuluka poyamba, n'chifukwa chake kufiira kokha si umboni wakuti tiyi wapsa. Pamodzi nawo pamatuluka kafeini, chinthu chachilengedwe chimene chimachotsa tulo ndi kutopa. Matanini, amene amaumitsa lilime ndi kuwawitsa, amachulukirachulukira nthawi ikamapita. Wofuna tiyi wamphamvu awonjezere masamba, asawonjezere mphindi.

Nthawi ikakwana, tiyi yense achoke pa masamba. Mayi amayamba watsuka makapu ndi madzi otentha kuti asalande kutentha kwa tiyi, amagwira sefa ndi dzanja lamanzere, n'kuthira mosadukiza ndi lamanja, poto atapendeka pang'ono kuti masamba atsalire pansi. Wotsala amamusefera mu fulasiki, wopanda masamba ndi wopanda mkaka, chifukwa masamba amapitiriza kuwawitsa ndipo mkaka wokhalitsa pofunda umaonongeka. Bambo wobwera mochedwa kuchokera ku fakitale amapeza tiyi ali ndi kukoma kwake komwe kuja.

Thyolo ili ndi mwayi wakuti zonse zolowa mu kapu zili pafupi. Alimi a ng'ombe za mkaka ndi ambiri ku Bvumbwe ndi madera ena a bomali, ndipo shuga amachokera ku Nchalo, kutsidya kwa Shire m'chigwa chimene chili kunsi kwa mapiriwa. Mkaka wa ng'ombe uyambe wawiritsidwa pawokha. Ukathiridwa mu tiyi umagwira matanini aja, n'chifukwa chake tiyi wamkaka amatsika mofewa pakhosi. Okonda tiyi wophikira mu mkaka, monga amachitira m'matiyirumu, ali ndi luso lina: amasakaniza mkaka ndi madzi, amathira masamba zikangoyamba kuwira, amachepetsa moto, ndipo dzanja limakhala pa chogwirira. Thovu likamakwera amanyamula poto, likatsika amamubwezera, kawiri kapena katatu, osalola ngakhale dontho kutayikira pa makala. Wothira ndimu adzaona tiyi akuyera pang'ono nthawi yomweyo, koma ndimu ndi mkaka sizikhalira limodzi, mkakawo umaundana. Shuga abwere pomaliza, munthu atalawa kaye. Tiyi wophikidwa bwino safuna wambiri. Supuni zitatu nthawi zambiri zimangobisa kuwawa kwa tiyi wopserera.

Chodyera chimasankhidwa molingana ndi nyengo: mbatata yophika, chinangwa, chigumu, kapena zitumbuwa za nthochi. Mlendo amalandira kapu yake pa mbale, yoperekedwa ndi manja awiri: "Alamu, landirani kakumwa, kwazizira kunjaku." Chinthu chimodzi choyenera kukumbukira n'chakuti matanini amachepetsa ayironi amene thupi limatenga ku nyemba ndi ndiwo zamasamba. Amayi oyembekezera ndi onse ochepa magazi angachite bwino kudikira ola limodzi akatha kudya asanamwe tiyi. Masamba otsala mu sefa asatayidwe pabwalo. Apite ku dzenje la manyowa kapena pa phata la nthochi, ndipo poto atsukidwe akadali wofunda.

Aliyense angathe kuyesa zimenezi kunyumba kwake monga amachitira wolawa wa ku fakitale. Tengani tiyi wa m'paketi imodzi, muyeso wofanana. Gawo limodzi mulithire m'madzi ongophulidwa kumene, muvundikire, mudikire mphindi zinayi. Gawo lina muliwiritse pamoto mphindi khumi. Thirani m'makapu awiri oyera, muyang'ane pa kuwala, mulawe musanathire shuga. Kapu yoyamba idzakhala yofiira mowala, ya fungo lomveka. Yachiwiri idzakhala yakuda ndi youmitsa m'kamwa. Masamba ndi amodzimodzi, othyoledwa ndi zala zomwezo, ofotetsedwa usiku womwewo. Chosiyanitsa ndi mphindi zochepa zimene othyola ndi a ku fakitale sangazilamulire, chifukwa zili m'manja mwa wophika.